Tramadol ndi kachasu: si mkonono uliwonse uli wa tulo

Abale anga a kuno ku Thyolo, pali bodza limene ambiri timalikhulupirira, ngakhale ophunzira amene. Akuti ukamwa mowa uli pa mankhwala, mowawo umangosukulutsa mankhwalawo, basi. Ndiye munthu amati, "Palibe kanthu, ndingowonjezera piritsi lina." Pa tramadol, codeine, pethidine ndi morphine, mankhwala amphamvu oletsa ululu a gulu lotchedwa opioid, nkhani siili choncho ayi. Mowa suwafooketsa mankhwala amenewa. Umagwirizana nawo, ndipo chimene amachitira limodzi n'kuchedwetsa kupuma.

Kunsi kwa ubongo kuli kachigawo kamene kamayendetsa kupuma, ngakhale munthu ali m'tulo tofa nato. Mankhwala a gulu la opioid amakagonetsa kachigawoka, mowanso umakagonetsa. Munthu wamkulu wabwinobwino amapuma ka 12 mpaka ka 20 pa mphindi imodzi. Ziwirizi zikakumana m'thupi, kupuma kumatsika, kumadukizadukiza, mpaka kumatha kuima. Akasanza ali chagada, masanzi amalowa m'mapapo chifukwa alibe mphamvu zotsokomola. Tramadol ali ndi vuto lakenso: amatha kugwetsa munthu ngati wakhunyu. Ndipo mapiritsi ena a codeine amakhala osakaniza ndi paracetamol, amene akachuluka mwa munthu wokonda mowa amawononga chiwindi.

Chimene chimandiwawa kwambiri n'chakuti imfa imeneyi imabwera pamaso pa anthu okukonda. Taganizirani bambo wothyola tiyi amene msana wamuvuta, kapena mnyamata wa kabaza amene anagwa pa njinga yamoto n'kupatsidwa tramadol kuchipatala. Tsiku la malipiro wapita pa Luchenza kapena pa Bvumbwe, anzake amugulira kachasu. Wafika kunyumba, wagona, akuliza mkonono. Mayi a kunyumba akuti, "Asiyeni bambo anu agone, mowa uwathera m'mawa." Ndani angawadzudzule mayiwo? Aona mkonono wa mowa zaka zonsezi. Koma uwu ndi wina: munthu ukamugwedeza kapena kumutsina sadzuka, mpweya ukumveka ngati wotsamwa, milomo ndi zikhadabo zatuwa, timaso takuda ta pakati pa diso tachepa ngati nsonga ya singano.

Mukaona zimenezo musamuthire madzi, musamumwetse mkaka kapena tiyi. Mugonekeni chammbali, pezani galimoto, thamangani naye kuchipatala cha boma cha Thyolo, ku Malamulo, kapena kulikonse kumene kuli pafupi, mutanyamula paketi ya mankhwala amene wamwa. Pali mankhwala otchedwa naloxone amene amabweza mphamvu ya opioid. Ya mowa sabweza, ndiye adokotala auzidwe zonse ziwiri, osabisa chifukwa cha manyazi.

Musandimve molakwa, sindikunyoza mankhwalawa. Amene anadwazikapo kholo la khansa akudziwa chifundo chimene chili mu morphine wamadzi uja. Popanda iye anthu ambiri akanamabuula usiku wonse. Koma botolo limenelo ndi la wodwalayo yekha, pa mlingo umene anamuuza. Si logawira mlamu amene dzino lamuwawa, makamaka mlamu woti wachokera ku bawa.

Mlandu wina ndikuuika pa ife odwala. Anamwino akafunsa kuti, "Mumamwa mowa?" timayankha mwaulemu kuti, "Ayi, pang'ono chabe pa Khirisimasi," pamene dzulo lomwe tinali pa chibuku. Yankho limenelo ndi limene adokotala amagwiritsa ntchito posankha mankhwala ndi mlingo wake. Winanso ndi wa ogulitsa tramadol pamsika ngati maswiti, popanda chikalata cha dokotala. Amangowerenga ndalama, safunsa n'komwe ngati wogulayo wamwa. Bungwe la PMRA, loyang'anira mankhwala m'dziko muno, lizifikanso m'misika yathu ya kumidzi kuno.