Mabuleki akumbuyo ndinasintha ndekha, ndipo sindikupepesa

Abale ndiyankhepo kamodzi pompano, chifukwa chiikireni chithunzi chija ndili chogwada pambali pa ka Vitz kanga ndikusintha mabuleki akumbuyo, manja ali bii ngati wogulitsa makala, inbox sikupuma. Ena akuti ndaumira, ena akuti ndikulanda nsima ya amakaniko, wina mpaka anachita kundiimbira kuti bwana mukufuna mufe chifukwa chokana kulipira leba? Ayi ndithu ndamva, koma nane ndifunseko. Inu amene muli ndi galimoto, munayamba mwaonapo ndi maso anu m'kati mwa dramu ya kumbuyo, mphika wachitsulo uja wa mabuleki kuseri kwa tayala? Sindikunena kulipira ayi, kulipira tonse timalipira, ndikunena kuona.

Timagalimoto tambiri timene tikuyenderatu ife, ma Vitz, Passo, Mira, Probox, Note, kutsogolo kuli disiki ndi mapadi oipana ukaponda buleki, koma kumbuyo kuli dramu ndi mashuzi oigwira cham'kati. Mapadi savuta, ukachotsa tayala akuonekera poyera, ndipo ambiri ali ndi kachitsulo kamene kamalira kwiii akatsala pang'ono kutha, mpaka anthu a pa depoti amatembenuka. Mashuzi alibe zimenezo, anavundikiridwa mu mphika wachitsulo, amatha mwakachetechete. Komanso ukaponda buleki kulemera konse kumathamangira kutsogolo, ndiye matayala akutsogolo ndi amene amagwira gawo lalikulu la ntchito, mwina 70 pa 100, akumbuyo amangothandizira, n'chifukwa chake amakhalitsa ndipo n'chifukwa chakenso timawaiwala. Galimoto inatsika sitima ku Dar es Salaam, inalowa pa Songwe, yadutsa m'manja mwa anthu atatu, aliyense akusintha oilo ndi mapadi basi, dramu chitsekereni ku Japan.

Ine chinandiphunzitsa ndi Khwekhwelere. Amene munatsikapo msewu uja wochoka pa Masasa kupita ku Golomoti mukudziwa, makona aja osatha, phompho lili apo. Tinali anthu asanu kupita ku ukwati ku Mangochi, buti yodzadza, ine n'kumangokhala phazi pa buleki ngati munthu wosaphunzira (inde ndikudziwa, giya yotsika ija ya L ilipo pa chifukwa chimenechi, musandiuze), tili chapakati ndinayamba kumva fungo lopserera kenako pedulo inayamba kulowa pansi ngati ukuponda siponji. Ndinapopa kawiri katatu inagwirako pang'ono, ndinapeza poima n'kuima, madamu akundifunsa kuti chavuta n'chiyani ine ndingoti ndikufuna ndiwongole miyendo, pamene miyendo yake ikunjenjemera. Malimu akutsogolo osagwirika kutentha. Akumbuyo, ndinachita kuika dzanja pa dramu, kuzizira ngati sitinayende n'komwe. Phiri lonse lija ndinatsika ndi mabuleki a matayala awiri okha.

Chimene chinandiwawa n'choti miyezi iwiri m'mbuyomo ndinali nditalipira pa galaja ina, sinditchula, zimene anazitcha sevisi ya mabuleki. Atandipatsa makiyi anati bwana zonse zili bho. Kumeneko kunali kusintha mapadi akutsogolo, kumbuyo ngakhale tayala sanamasule.

Titabwerera ku Lilongwe ndinakadandaula kwa madala ena oyandikana nafe, anapuma ntchito koma moyo wawo wonse anakonza mathiraki, iwo anangoseka n'kunena kuti "mwana wanga Loweruka usapite kulikonse, ugule mashuzi, ubwere ndi pulayazi, ine manja anga sagwira kanthu, ndizingokuuza." Ndipo anachitadi zimenezo, anakhala pa mpando ndi kapu ya tiyi tsiku lonse akundilamula ngati kondakitala.

Choyamba chimene anandikalipira ndi jeke. Ine ndinakweza galimoto pa kajeke kaja kobwera ndi galimoto n'kuyamba kufuna kulowetsa mutu, iwo anati tsika, kajeke ako ndi kosinthira tayala pamsewu osati kogonera pansi pake. Anatulutsa masitandi awo achitsulo, tinaika miyala kutsogolo ndi kumbuyo kwa matayala akutsogolo, giya pa P, ndipo tayala limene tachotsa tinaligoneka pansi pa galimoto kuti zikavuta igwere pamenepo. Njerwa anakana ndithu, akuti njerwa yowotcha imaphwanyika osachenjeza. Ndimaona anyamata m'makwalalamu atalowa thupi lonse pansi pa minibasi itakhala pa njerwa zitatu, mtima umandichoka.

Kenako handibuleki uyenera kuitsitsa, apo ayi mashuzi agwira dramu ndipo umenya ndi hamala mpaka dzuwa kulowa. Yanga ngakhale nditatsitsa inakana kutuluka, dzimbiri. Apa ndi pamene ndinaona ubwino wa munthu wodziwa, pa dramu ya Toyota pali timabowo tiwiri ta mazinga, umalowetsamo mabawuti a saizi ya M8 n'kumamanga pang'onopang'ono uku ndi uku, dramu imadzikankha yokha mpaka phwa. Zaka zonsezi ndinkaganiza timabowo tija n'tokongoletsa. Ikakanabe ndiye kuti dramu inadyeka n'kupanga mlomo m'mphepete, kuseri kuli kachivindikiro ka labala, umachotsa n'kubweza adjasita ndi sikuludiraiva kuti mashuzi abwerere m'kati.

Zimene ndinapezamo eee. Kumanzere silinda, kachipangizo kamene kamakankhira mashuzi pa dramu ndi mphamvu ya fuludi, inkadontha, mashuzi onse anyowa buleki fuludi osakanikirana ndi fumbi ngati phala lakuda, ndipo shuu yonyowa sigwira, imangoterereka. Kumanja kunali kouma koma adjasita, kachitsulo ka mano kaja kamene kamayenera kumasendeza mashuzi kufupi ndi dramu akamatha, kanauma gwa ndi dzimbiri ndi dothi, ndiye mashuzi ankatambasuka osafika bwino pa dramu. N'chifukwa chake handibuleki ndinkaikoka mpaka kufika m'khwapa galimoto n'kumatsetserekabe pa geti, ine n'kumati kebulo inatamuka. Mashuzi atsopano nyama yake, mbali ija yokhudza dramu, imakhala pafupifupi mamilimita 4, Toyota amati ikafika 1 taya, anga akumanja anali pafupi pamenepo.

Lamulo la madala limene ndikupatsirani ulere ndi ili, tsegula madramu onse awiri koma masula mbali imodzi yokha, inayo isiye kuti uzikaonera. Ndipo jambula ndi foni usanagwire kanthu. Masipuling'i aja amaoneka ochepa ali pamalo pake, koma ukawaika pansi onse amafanana ndipo sukumbukira kuti kokowera kanayang'ana kuti. Ine ndinayenda maulendo osawerengeka kuzungulira galimoto kukasuzumira mbali inayo. Sipuling'i yaikulu yam'mwamba ija ndiye satana weniweni, inandiphonyoka kawiri, kachitatu inauluka kukagwa m'khola la nkhuku, tinaisaka ndi ana theka la ola, chala changa mpaka lero chili ndi chipsera. Valani magalasi abale, diso silimera. Palinso kawaya konga chiboda cha hatchi kogwira chitsulo cha handibuleki pa shuu yakumbuyo, chitsulocho umachisamutsira pa shuu yatsopano, ukaiwala kukafinya bwino kawayako tsiku lina handibuleki idzangoti lobodo.

Ndipo dramu ikakhala kunja munthu asaponde buleki. Mwana wanga wamng'ono anali atakwera kale pa mpando wa dalaivala akuseweretsa chiwongolero, madala anakuwa mpaka tiyi kutayika, chifukwa ukaponda mapisitoni a silinda amatumphukira kunja fuludi yense pansi mpweya n'kulowa.

Za fumbi nazonso ndinene. Chizolowezi chathu n'kuuzira ndi pakamwa fuu, kapena kupopera ndi kompuresa fumbi lonse m'mwamba. Fumbi la mabuleki si la kumunda, mashuzi akale ndi ena otchipawa amatha kukhala ndi asibesitosi, amene amakhazikika m'mapapo n'kudzakudwalitsa patapita zaka zambiri, iwe utaiwala kale. Tsukani ndi brake cleaner kapena madzi a sopo, fumbi litsike pansi lili lonyowa. Anyamata a m'magalaja amapuma zimenezi tsiku ndi tsiku opanda ngakhale kansalu kumphuno, ndipo palibe amawauza.

Tsopano apa ndi pamene ndikusiyana ndi anzanga ena amene akaonera mavidiyo awiri pa YouTube basi ayamba kudzitcha injiniya. Mashuzi ndinasintha ndekha inde, kupukuta, kumasula adjasita, kupaka tigirisi pang'ono pamene shuu imakhudza mbale yakumbuyo (pang'ono ndithu, girisi akafika pa nyama ya shuu wataya ndalama), zonsezo munthu wa mutu wake akhoza. Koma silinda ija madala anadzuka pa mpando. Anati apa ndiye pa magazi a galimoto, ukamasula paipi ndi sipanala yolakwika nati imazungulira mutu, ukapotokola paipi yaphuka, ndipo ukatha uyenera kubulida mpweya wonse utuluke, anthu awiri, wina akupopa pedulo wina akutsegula ndi kutseka kanipo. Ine ntchito yanga inali "popa, popa, gwira!" basi. Ndipo tinasintha fuludi yense, anatuluka wakuda ngati tiyi wopanda mkaka. Fuludi ameneyu amayamwa chinyezi, wa mtundu wa DOT 3 akakhala watsopano amawira pa madigiri 205 kupita m'mwamba koma akamwa madzi amatha kutsika mpaka cha m'ma 140, ndiye pa phiri akawira mumapaipi mumakhala nthunzi, nthunzi imafinyika, pedulo pansi. Ndi zimene zinandichitikira ine zija. Amati tizisintha pa zaka ziwiri zilizonse, ndani mwa ife amachita? Timangothira pamwamba akatsika, osafunsa n'komwe kuti akupita kuti.

Komanso si galimoto iliyonse ili ngati Vitz. Zina kumbuyo zili ndi disiki, ndipo pa zambiri mwa izo pisitoni sukankha ngati yakutsogolo, umaizungulitsa ikulowa ngati bawuti chifukwa handibuleki ili m'kati momwemo, ukaikakamiza ndi chitsulo waononga kalipa, chitsulo chija chopanitsa mapadi pa disiki. Za handibuleki ya batani monga Honda Vezel ndiye kuli kamota kumbuyoko kofunika kukabweza kaye mwa njira yake, zimenezo ine sindingayerekeze pabwalo panga, pitani kwa odziwa.

Kwa amene mukuti ndaumira, ndalama ya leba imene ndinapulumutsa ndi yochepa, inathera pa brake cleaner, pulasitala wa chala ndi ka shuga kothokozera madala. Ndalama yeniyeni ili pa masipeyala, chigwetsereni kwacha ndi 25 peresenti mu 2022 kenako 44 peresenti mu November 2023 chilichonse chochokera kunja chinapenga, ndiye m'mashopu mwadzadza zinthu za mitengo itatu, wogulitsa amachita kukufunsa kuti mukufuna olijino, yapakati kapena yongoyendera. Yongoyendera pa buleki abale? Mashuzi otchipitsitsa aja nyama yake anangomata ndi guluu wosalimba, ikatentha imatha kumatuka n'kukakamira m'dramu tayala n'kuloka uli pa liwiro. Ukapita wekha kukagula, tenga shuu yakale m'manja ndi nambala ya chasisi, uyerekeze mabowo, chifukwa Vitz ndi Vitz koma madramu amasiyana kukula. Ukatuma munthu ndi ndalama ya olijino sudziwa chimene chalowa m'dramu, watseka kale.

Sindikunyoza amakaniko, ena mwa iwo ndi madokotala enieni, amamva vuto ndi khutu galimoto isanaime. Ndipo nthawi zambiri olakwa ndife eni magalimoto, makaniko akati bwana silinda yatha ife timati pangani zoti ndifike kaye kunyumba, mwezi ukatha tidzaona. Ndi mmene zimayambira zotseka paipi ya tayala limodzi ndi msomali kuti isadonthe, galimoto n'kumayenda ndi mabuleki atatu chaka chonse itanyamula ana a sukulu, ikati igwire mwadzidzidzi imakokera mbali imodzi. Munthu amene anatsegulapo dramu ndi manja ake sangavomere zimenezo, ndipo akapita ku galaja amafunsa mafunso ena, amati tsegulani ndione, zakale mundipatse. Ine pano ndikati sevisi ya mabuleki ndimaima pomwepo mpaka matayala onse anayi atsike, ena amanyansidwa nane, zawo izo.

Titatseka tinasendeza adjasita mpaka dramu ikamazungulira izingokhudza pang'ono shii shii, tinaponda pedulo kangapo, handibuleki inayamba kugwira pa kulira kwachisanu ndi chiwiri, buku la galimotoyi limati pakati pa 6 ndi 9. Manati a tayala tinamanga modumphitsa, ili kenako loyang'anana nalo, mphamvu yomangira Toyota amati 103 Nm, madala ali ndi sipanala yoyezera ndipo amadana kwambiri ndi zodumphira pa wilo sipanala ndi miyendo yonse. Kuyesa tinayesera m'kanjira ka fumbi kuseri kwathu pa liwiro la njinga, kutsogolo, livesi, kutsogolo, osati kuthamangira pa M1. Ntchito imene makaniko amagwira ola limodzi inanditengera kuyambira 8 koloko m'mawa mpaka 3 koloko masana, nsima ndinadya itazizira.

Mwezi watha ndinatsikanso Khwekhwelere, giya pa L nthawi ino, nditafika pa Golomoti ndinaima dala n'kugwira dramu, yofunda bwinobwino, madamu akundiyang'ana ngati ndapenga. Loweruka likubwerali tikutsegula Passo ya alamu anga imene handibuleki yake ndi mwala umene amayenda nawo mu buti, amene akufuna kudzaonera abwere ndi magalasi ake. Ndipo achimwene amene munabwereka mabawuti anga a M8 aja, mukudzidziwa, ndikuwafuna lisanafike Lachisanu.