Mpaka kudana chifukwa cha dzina la mwana, mwatani kodi ana inu?

Ndakhala chete masiku anayi koma zandikanika, ndilankhule basi, wokwiya akwiye.

Lachisanu lapitali usiku watulukira mwana wa mchimwene wanga kunyumba, mimba ya miyezi 7, maso ali psuu ngati akuchokera pamaliro, kupuma kwake kwa mmwambammwamba. Ine mtima unangoti myuu, ndimati mwina zavuta ndi pathupipo kapena bambo akunyumba achita ngozi. Ndamukhazika pansi, ndamupatsa madzi, ndikuti mwanawe talankhula chavuta nchani. Akuti "azakhali, wandibera dzina." Ndikuti dzina lanji, la ku banki? Akuti ayi la mwana. Mnzake wa ponda apa nane mpondepo, amene anayambira limodzi sukulu, amene anamuimira pa ukwati, wachira Lachitatu mwana wamkazi nde wamutcha dzina lomwe iyeyu amasungira wakeyo. Dzinalo sinditchula pano, mungalibenso.

Ndisaname, kupweteka kwake ndinakuona ndipo sindinamuseke. Anatulutsa mchikwama kabulangete koyera kamene anasoketsa kale, dzinalo analilemba ndi ulusi wa pinki pakona, akukasisita ndi chala uku misozi ikugwera pomwepo. Munthu ukamalitchula dzina usiku uliwonse ukusisita mimba limasanduka ngati mwanayo wafika kale, nde kumva kuti lapita kwa wina zimalasa ndithu. Zimenezo ndikuzidziwa, nanenso ndinaberekapo.

Koma chimene chinandiutsa ukali ndi chimene anachita asanabwere kwa ine. Anali ataika kale pa sitetasi ya WhatsApp, mawu ake akuti "anthu ena ndi njoka, amaba ndi za m'mimba zomwe, tiona ngati lidzamuyanje." Tiona ngati lidzamuyanje! Kunena khanda la masiku awiri limene silinatsegule nkomwe maso bwinobwino? Ndipo mnzakeyo anali adakali mu wadi, anachira ndi opareshoni, bala lisanapole, dzanja lina lili ndi diripu dzanja lina foni, akuyankha mafuno abwino a anthu nkukumana ndi zimenezo. Mayi ake amene amamudikirira anandiimbira mawa lake, akuti mwana wanga analira mpaka anesi kubwera kudzafunsa ngati bala lasosoka, khanda likulira mbali iyi make akulira mbali iyo, kuyamwitsa osatheka.

Abale inu, mwatani? Mitu imeneyi ikugwira?

Nanga khanda limenelo likangotentha thupi mawa, anthu adzaloza ndani chala? Si iwe unalemba kuti tiona? Udzafotokozera ndani kuti unali mkwiyo chabe pomwe sikirinishoti ili mmafoni a anthu 50? Akuluakulu anati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata, nde inu mlomo wake mukuusiya pa intaneti pamene sipafufutika kanthu. Mwana ameneyo adzakula, adzakhala ndi foni yakeyake, tsiku lina wina wopanda nzeru adzamutumizira kuti taona zimene ananena mnzawo wa mayi ako utangobadwa. Mudzayang'ana kuti?

Ndipo iwe woyembekezerawe, ku sikelo amakuuzani chani za BP? Ukugona 2 koloko usiku ukuwerenga makomenti, ukunjenjemera ndi ukali, miyendo yotupa kale, chifukwa cha zilembo zisanu ndi chimodzi? Ukufuna ukagonekedwe mchipatala mwana asanakwane masiku? Ukagwa pamenepo amene akukuchemerera mu gulupu aja adzabwera kudzakusamalira? Chifukwa awonso ndawaona, atsikana anzake, wina akuti "usamusiye chemwali", wina akuti "ine ndinamuona kalekale kuti ndi wansanje", wina watumiza tizithunzi ta moto. Palibe ndi mmodzi yemwe anati tadikira kaye mnzathu atuluke mchipatala. Anthu osonkhezera moto pa nyumba ya eni kenako nkumakaonerera patali. Bambo ake a mwana woyembekezeredwayo nawonso mmalo momukhazika mtima pansi mkazi wawo akuti "mubuloke basi", bambo wamkulu ndevu pepeya, zoona?

Tandiuzani, dzinalo munaligula kuti? Lisiti yake ilipo? Munalipanga nokha inu, palibe anatchedwapo chiyambire dziko? Pitani mkalasi iliyonse mukaitane kuti Chisomo muone mitu ingati itembenuke, itanani Mphatso, itanani Chikondi. Makolo awo onsewo anabulokana? Ife tinakula tili atatu a dzina limodzi mkalasi imodzi, aphunzitsi amangoti wamtali, wamfupi, ndi wolongolola (wolongololayo musafunse anali ndani), palibe anafa nazo. Mumapita ku tchalitchi sabata ndi sabata, simunamve kuti mwa atumwi 12 aja munali a Simoni awiri, a Yakobo awiri ndi a Yudasi awiri? Pa mtanda paja panaima Mariya amake a Yesu, Mariya mkazi wa Kleopa ndi Mariya wa Magadala, atatu malo amodzi, munamva kuti anakokanakokana za dzina? Ku America dzina loti Jennifer linakhala pa nambala wani kwa ana aakazi kuyambira 1970 mpaka 1984, zaka 15 zathunthu, azimayi onsewo akanati azilemba masitetasi bwenzi dziko litayaka. Wankhonya uja George Foreman, amene anamenyana ndi Muhammad Ali ku Kinshasa mu 1974, ana ake aamuna onse asanu anawatcha George, nyumba imodzi, bambo George ana George, ndipo amadziwana bwinobwino. Inu ana awiri a nyumba zosiyana, bambo osiyana, mwina sadzaphunzira ndi sukulu imodzi yomwe, mukuti dziko latha?

Komanso pakamwa panupo. Mimba ya miyezi iwiri dzina lili kale pa Facebook, lili pa sitetasi, mwauza gulupu ya kuntchito, ya ku tchalitchi, ya anzanu akusukulu, mwauza ndi wokuluka tsitsi yemwe. Ena mimba kulibe, chibwenzi chomwe kulibe, koma akuti dzina lakutilakuti ndi langa wina asaligwire, mpaka liti? Tidikire zaka 10 kuti mupeze kaye mwamuna? Mwana wa mchimwene wangayu nditamufunsa kuti unauza anthu angati, anayamba kuwerenga zala mpaka zinatha. Ndinamufunsanso kuti kodi sikani inaonetsadi kuti ndi wamkazi, akuti sanaone bwino mwana anapinga miyendo. Ha! Nde ukumenyera dzina la mtsikana usakudziwa nkomwe ngati akubwerayo ndi mtsikana? Akadzatuluka mnyamata ubwenzi wa zaka 20 udzakautola kuti?

Tsono musaganize kuti winayo ndamusiya. Iwe amene unauzidwa dzina ndi mnzako muli awiri, nkuliona kukoma, nkukhala chete miyezi yonseyo kumaseka naye, kumaperekezana ku sikelo, kenako iye nkudzalimvera pa positi pamodzi ndi anthu achilendo, unaganiza kuti amva bwanji? Foni unali nayo, mayunitsi unali nawo, kungoimba kuti mnzanga dzina lija nane landilowa mumtima, kapena kuti ndi la malemu agogo a bambo a mwanayu sitingachitire mwina, chinakuvuta nchani? Unadziwa kuti zimupweteka nchifukwa chake unabisa. Mayi ake akuti ankaopa kumukhumudwitsa. Nde pano wasangalala? Mantha amenewo ndi amene abala zonsezi. Ndidzamuuza ndekha pamaso akachira bala, panopa ayi, munthu wa masitichi sakalipiridwa.

Ndipo pali pena pamene sindifuna ndimve nkomwe zoti dzina ndi la aliyense. Mnzako anapita padera, kapena anaika khanda mmanda litatchedwa kale dzina, iwe ukudziwa, unalipo, unamugwira dzanja akulira, ndiye chaka chisanathe ukutcha wako dzina lomwelo osamufunsa? Kuti aziti akabwera kwanu azimva ukuitana mwana wake wakufa kuti bwera udzasambe? Umunthu unapita kuti? Maina onse ali mdziko muno unasowa lina? Izi ndinazionapo zaka zapitazo kwa mayi wina amene ndinkagwira naye ntchito, sanakangane ndi munthu, sanalembe kanthu paliponse, anangosiya kupita kunyumba kwa mnzakeyo mpaka lero, ndipo mnzakeyo amadabwa kuti ndinalakwa chani. Kupusa kwake kumeneko.

Koma za mwana wa mchimwene wangayu si zimenezo ayi. Wake ali moyo, akugunda mmimba, ndinaika dzanja ndinamumva ndekha. Ndinamuuza kuti kabulangeteko usataye, usasosole ulusi, akabadwa wamkazi mutche lomwelo, ndani wakuletsa? Apolisi abwera? Azikakhala awiri, azikaitanana ndi dzina limodzi nkumaseka, ana sasamala zimenezo, amene mumasamala ndinu akuluakulu opanda zochita. Akuti "koma azakhali anthu aziti ndakopera ine." Anthu ake ati? Omwe aja a tizithunzi ta moto? Adzakugulira thewera ndi limodzi lomwe? Pamene unadwala chaka chatha anagona pansi mchipatala kukudikirira ndani, si yemwe ukumutcha njokayu? Mwana wa mnzako ngwako yemwe, ife tinaphunzitsidwa choncho, inu mwana wa mnzanu mukumulodza ndi sitetasi asanadule ndi mchombo womwe.

Anachoka kwathu atakwiya, akuti ine ndine wachikale sindingamvetse. Chabwino ndine wachikale. Koma mpaka lero Lachiwiri sanapite kukaona khanda, sitetasi ija inatha yokha maola 24 atakwana nde waikanso ina, ya mavesi tsopano, za adani ondizungulira. Mavesi! Kumenya nawo mayi woyamwitsa!

Ndikudziwa uwerenga izi mwanawe chifukwa foni siichoka mmanja mwako. Chotsa zonyansazo, usambe, upite ukanyamule mwana wa mnzako. Ndipo anzako a mu gulupu aja asayerekeze kundiimbira.