Azeite wanji wosanunkhira?

Anthuni, lero ndilankhuleko za mafuta a olivi, amene kuno timangoti azeite. Mwezi watha amayi anauzidwa kuchipatala kuti BP yakwera, achepetse mchere ndi zokazinga. Achemwali anga a ku Tete anaimba foni kuti ndigulire amayi azeite azithira pa ndiwo zamasamba. Ndinalowa mu loja ina kuno ku Ulongwe n'kupeza botolo lokongola, lojambulidwa nthambi ya olivi, mtengo wake wotsika moti ndinadziyesa wochenjera. Kufika kunyumba, kutsegula, fungo zii. Kulawa, ndi mafuta omwe aja timakazingira mbatatesi. Nditatembenuza botolo, kumbuyo kuli timalemba ngati nyerere tonena kuti ndi mafuta osakaniza, ambiri ake a soya. Azeite mwina anangodutsamo popita kwina.

Wina anena kuti amenewo ndi mavuto a anthu andalama. Ayi ndithu. Taonani amene amagula timabotolo ting'onoting'ono tija: mayi wofuna kudzoza khanda, mtsikana wosamala tsitsi, mkhristu wopita nako kutchalitchi kuti abusa akapempherere, ndi ife odwazika. Wolemera amakagula m'masitolo akuluakulu, ndipo kukoma kwake amakudziwa. Wopusitsidwa ndi amene wasonkhanitsa timakobidi kuti agule kamodzi pachaka.

Mawu oti virgem extra si chokongoletsera botolo. Amatanthauza mafuta ofinyidwa ku zipatso za olivi ndi makina basi, osathira mankhwala, ndipo asidi wake asapitirire 0.8 peresenti. Enieniwo amanunkhira ngati udzu wongodula kumene, amawawirako pang'ono ndipo amakanda kukhosi. Mtundu usakunamizeni. Akatswiri olawa amathira mafutawa m'matambula a buluu dala kuti asaone mtundu, poti akathyali amatha kutenga mafuta a mpendadzuwa kapena soya n'kuthiramo utoto wobiriwira. Chilala chitavuta ku Spain, dziko lofinya azeite wochuluka kuposa onse, mitengo inakwera koopsa mu 2023. Ndiye azeite wotchipa ngati wanga uja akanachokera kuti? Pamenepo ndivomere, dyera linali langa.

Koma nkhaniyi sithera pa ndalama. Mu 1981 ku Spain komweko, anthu ena anatenga mafuta a colza (mbewu yofanana ndi mpiru) opangira ntchito za m'mafakitale, othiridwa kale mankhwala a aniline kuti asadyedwe, n'kumawagulitsa m'misika ndi m'makomo, m'zigubu zopanda chizindikiro, ngati mafuta odya otchipa. Anthu pafupifupi 20,000 anadwala, oposa 300 anamwalira m'miyezi yoyambirira. Ndikawerenga zimenezi ndimaganiza za mafuta oyeza amene timagula pamsika m'mabotolo a madzi akumwa. Chigubu chimene anachokera ndani anachiona?

Malamulo alipo. Lei 22/2009 yoteteza ogula imatipatsa ufulu wouzidwa zoona za chimene tikugula, ndipo boma lili ndi oyendera malonda. Ndimawayamika akamachotsa m'mashelefu zakudya zopitirira masiku. Kungoti tsiku lotha ntchito limawerengeka ndi maso, pamene azeite wosakaniza amagwidwa ndi labotale yokha. Zoika botolo mu filiji kuti tione ngati mafuta agwirana, zimene zimayenda pa WhatsApp zija, sizodalirika konse.

Ndiye maganizo anga ndi awa. Kulipiritsa multa mayi wa pabanka amene wapikula mabotolo sikisi n'kumenya galu kusiya wakuba. Iyeyo naye wagulitsidwa mphaka m'thumba, ndipo Chipwitikizi cha timalemba tija mwina sachimva n'komwe. Oyendera ayambire kwa oitanitsa katundu ndi m'nyumba zosungira katundu za opikulitsa, atengeko mabotolo akayezedwe. Ayang'anenso pa Zóbuè, pa Calómuè ndi pa Cuchamano, poti katundu wa m'chigawo chino amalowera mbali zonse. Akapeza wachinyengo, dzina la mafutawo alilengeze pa wailesi m'chilankhulo chathu, agogo a ku Domwe ndi ku Tsangano amve. Multa yolipira mwakachetechete wamalonda wamkulu amangoiwerengera pa mtengo, ife n'kuibweza osadziwa. Ndipo ngati mafuta ndi osakaniza, palibe cholakwa kuwagulitsa, koma mawuwo alembedwe kutsogolo ndi malemba aakulu ofanana ndi a dzina, osati nthambi ya olivi patsogolo, soya kumsana.

Ndinabwerera ku loja kuja ndi botolo langa. Mnyamata wogulitsa analiyang'ana, analitembenuza, n'kuti, "Achimwene, ifenso timangolandira m'makatoni." Ndalama sanabweze poti ndinali nditatsegula. Botololo lili kukhitchini, ana akukazingira mazira. Amayi ati zisawavute, abwerera ku mpiru wawo wotendera.