Waqf ya ndalama ku Singapore, Malaysia ndi Indonesia: chimawatsegula m'manja n'chiyani?

Assalam alaikum abale ndi alongo. Kwathu kuno tikamva zoti sadaka ambiri timaganiza za mpunga ndi mbuzi pa masiku 40 a malemu, anthu adya, dua yachitika, pofika mawa miphika yatsukidwa basi. Sindikunyoza ayi, inenso ndinawaphikira bambo anga ndipo ndinalira tsiku limenelo. Koma kuyambira pamenepo mtima wanga uli pa hadisi ija ya mu Sahih Muslim yoti munthu akafa ntchito zake zimaduka kupatula zitatu, sadaka yopitirira, maphunziro othandiza anthu, ndi mwana wabwino womupemphera. Waqf ndiye sadaka yopitirirayo. Umar atapeza munda ku Khaybar, Mtumiki (SAW) anamuuza kuti mundawo ausunge, zokolola zake ndi zomwe azipereka. Nanga wopanda munda, wopanda nyumba, ali ndi kachenje chabe m'thumba, iyeyo atani? Mpomwe pamabwera waqf ya ndalama, mpamba sukhudzidwa, phindu lake ndi lomwe limagwira ntchito.

Maiko atatu oyandikana awa onse amachita zimenezi koma aliyense ndi kayendedwe kake. Ku Singapore Asilamu ndi ochepa, pafupifupi 15 pa 100 alionse, sizikusiyana kwambiri ndi ife, ndiye mu 1975 anayambitsa thumba lomangira mizikiti lomwe ambiri amaliwerengera ngati waqf ya ndalama. Msilamu aliyense wapantchito amadulidwa pa salale mwezi ndi mwezi, poyamba anali masenti 50 okha, ndalamazo zimapita ku MUIS, bungwe loona za Chisilamu kumeneko, ndipo wosafuna amachita kulemba fomu kuti asamadulidwe. Pofika 1977 mzikiti woyamba womangidwa ndi thumbali, Masjid Muhajirin ku Toa Payoh, unali utatsegulidwa. Masenti 50 abale! Apa chowakoka n'chakuti palibe chovuta, ndalama yapita usanaigwire, kenako ukuswali mu mzikiti womwe ukudziwa kuti njerwa ina ndi yako. Komabe penapake zimandidetsa nkhawa, chopereka chongodulidwa papepala niya yake munthu amaikumbukira mwezi uliwonse?

Mukangowoloka mlatho kuchoka ku Singapore kulowa m'chigawo cha Johor muli ku Malaysia, ndipo uku nkhani ili m'manja mwa boma. Chigawo chilichonse chili ndi khonsolo yake ya zachipembedzo ndipo ndi yokhayo yomwe lamulo limati isunge waqf, sungangodzuka iwe ndi anzako n'kutsegula thumba lanu popanda chilolezo chawo. Mashehe a fatwa a dziko lonse anavomereza waqf ya ndalama mu 2007. Ena amakopeka chifukwa chopereka chotere chimawachepetsera msonkho, zoona, koma chomwe chimandigwira mtima ine ndi makiliniki a Waqaf An-Nur a ku Johor. Ambiri ali pabwalo la mzikiti penipeni, kwa zaka zambiri wodwala amalipira maringgit 5 okha kuonana ndi dokotala mankhwala omwe, ndipo safunsa kuti ndiwe Msilamu kapena ayi, makiliniki ena mpaka ali ndi makina otsuka magazi a odwala impso. Ndiye tangoganizani munthu wachoka kuswali, akuvala nsapato pakhomo, akuona agogo atakhala pa benchi kudikira dzina lawo ndi kakhadi m'manja, munthu ameneyo safunikanso ulaliki kuti apereke.

Indonesia ndiye yondidabwitsa. Asilamu ochuluka kuposa dziko lililonse kapena kufupi pamenepo, anthu owolowa manja moti anakhala pamwamba pa World Giving Index, mndandanda wa maiko opereka kwambiri, zaka zingapo zotsatizana mpaka 2024. MUI, bungwe la mashehe a dzikolo, inatulutsa fatwa yovomereza waqf ya ndalama mu 2002, lamulo la waqf linabwera mu 2004, bungwe loyang'anira waqf la Badan Wakaf Indonesia mu 2007, ndipo iwowo sanatseke chitseko ngati aneba awo, mabungwe ambirimbiri amaloledwa kusonkhetsa, pena umangojambula QR code ndi foni zatheka. Amalolanso waqf ya kanthawi, upereke zaka zakutizakuti kenako mpamba wako ubwerere, zomwe zimalimbitsa mtima munthu woopa kuti mawa ana adzafuna fizi. Mu 2020 anaika ndalama za waqf mu sukuk za boma, omwe ndi mabondi otsatira malamulo a Chisilamu, phindu lake linathandiza kutsegula gawo la matenda a retina, kachikopa ka m'kati kumbuyo kwa diso, pa chipatala cha maso cha Achmad Wardi ku Serang. Koma ndi zonsezi mu January 2021 pulezidenti Joko Widodo anachita kukhazikitsa kampeni ya dziko lonse, chifukwa zosonkhetsedwa zinali zochepa kwambiri poyerekeza ndi zomwe akanatha. Anthu kumeneko anazolowera kuti waqf ndi malo a mzikiti, madrasa ndi manda, zinthu zoti ukhoza kuloza ndi chala, pomwe ndalama ikalowa mu banki mtima umafunsa kuti akuisunga ndani, nanga ikatha mphamvu? Funso limeneli ife a kwacha sitingaliseke, tinaona mu November 2023 itagwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi.

Mwa atatuwa ine mtima wanga wagwera ku Johor, ngakhale zoti boma lokha ndi lomwe lizisunga sindikuzikonda kwenikweni. Onse akufuna sawabu zowatsatira kumanda, ambiri akuperekera makolo awo omwe anatsogola monga momwe ndikufunira ine, koma ndikanakhala kumeneko ndalama ya m'dzina la bambo anga ndikanaipititsa pa benchi ija pomwe agogo akudikira dokotala.