Mtima ulipo koma m'thumba mwauma

Nkhani yanuyi yoti anthu ogona m'makhonde a mashopu ku Limbe achuluka ndi yoona, ine ndimawaona m'mawa uliwonse ndikamatsika minibasi, ena ndi azimayi ali ndi tiana atafunda makatoni. Koma apo mwalemba kuti anthu tauma mtima ndiye ayi ndakana. Kale ndinkagula mabanzi awiri, lina n'kumpatsa mwana amene amakhala pa siteji paja, pano olo langa lomwe ndimayamba ndawerengera kaye. Chigwereni kwacha ndi 44% mu Novembala 2023 chilichonse chinakwera, sopo, mafuta ophikira, lendi, malipiro okha ndi amene anangoima pomwepo.

Ndipo musaiwale namondwe wa Freddy. Mu Malichi 2023 matope ochokera m'phiri la Soche anakokolola nyumba ku Chilobwe, anthu anakakhala m'makampu m'masukulu, makampu atatsekedwa ena analibe kolowera. Kwathu tinasunga alamu anga ndi ana awo atatu miyezi isanu m'nyumba ya zipinda ziwiri, ufa umatha mwezi usanafike pa 20 mpaka tinayamba kuyankhulana mokalipa pachibale pathu. Zimandiwawa mpaka lero, anachoka okha ife osawauza, anangoona kuti sizikuyenda.