Kathanki kakang'ono ka madzi amchere si ka ongoyamba kumene ayi

Abale amene mukuti mukufuna kuweta nsomba za m'nyanja yamchere ndi makorali (zamoyo za pansi pa nyanja zooneka ngati zomera kapena miyala) mnyumba, makamaka inu muli kuno ku Joni ndi ku Durban komwe mashopu a zimenezi angoti mbwee, ndiyankhule kamodzi poyera. Ambiri mukuganiza kuti muyambe ndi kathanki ka malita 20 kuti muphunzirirepo, mukazolowera ndiye mugule yaikulu. Ine ndikukana. Kakang'onoko ndi kamene kamavuta kwambiri, ndipo ogulitsa ena amadziwa bwinobwino zimenezi koma amangokumwetulira poti akuona ndalama ili mmanja.

Kapu ya tiyi imazizira msanga kusiyana ndi ndowa ya madzi osamba, eti? Ndi mmenenso zilili apa. Madzi akachepa chilichonse chimasintha mothamanga, kutentha, mchere, zonyansa za nsomba, zonse, pamene makorali chimene amadana nacho ndi kusinthasinthako. Madzi a m'nyanja amakhala ndi mchere wa magalamu pafupifupi 35 pa lita iliyonse, ndipo pa kachipangizo kopimira mchere kotchedwa refractometer umafuna uziona 1.025 kapena 1.026 tsiku ndi tsiku. Tsono kukatentha madzi amauluka koma mchere umatsala mommo, ndiye ka malita 20 kakangotaya lita imodzi basi mchere wakwera kale ndi 5 peresenti, pamene mu thanki ya malita 100 lita imodziyo sioneka nkomwe. Ine ndimati yambani ndi ya malita 80 mpaka 100. Ndipo madzi akauluka mumathiramo opanda mchere, osati amchere, apa anthu ambiri ndi pomwe amaphera zinthu zawo.

Madziwonso si apampopi ayi. Apampopi amakhala ndi klorini, ena amatenga kopa mmapaipi, ndipo kopa amapha nkhono, shrimp ndi makorali olo akhale wochepa chotani. Mumafuna osefedwa ndi makina a RO/DI, mashopu ambiri amagulitsa mzigubu. Mchere nawo si uja wothira mundiwo, ndi wapadera wokhala ndi kashiamu, magnesium ndi zina zimene makorali amamangira matupi awo, mumausungunula mu ndowa ndi kapampu dzulo lake, osati kumauthira mu thanki muli nsomba kale.

Koma chimene chimagonjetsa anthu zenizeni ndi kudikira. Waika mchenga, waika miyala, wathira madzi, magetsi akuwala bwino, thanki ikuoneka mbambande ndiye mtima umangoti mawa ndikagule nsomba. Ayi amwene. Thanki imeneyo ikhale yopanda nsomba masabata 4 mpaka 6. Nsomba zimatulutsa amoniya, amene ndi poizoni, ndipo pamafunika mabakiteriya achulukane kaye mmiyalamo, ena osandutsa amoniyayo kukhala nitrite, enanso osandutsa nitrite kukhala nitrate amene saopsa kwambiri ndipo mumamuchepetsa posintha madzi pang'ono, mwina 10 peresenti sabata iliyonse. Mumapima mpaka amoniya ndi nitrite zonse ziwerenge 0. Alendo azibwera nkumakusekani kuti mukuweta miyala, asiyeni aseke. Kenako padzabwera nthawi imene mchenga ndi galasi zidzachita bulawuni ngati mwanyansa, musathamangire mankhwala, ndi ndere chabe za thanki yatsopano, zimatha zokha ndipo nkhono zingapo zimathandiza kupukuta.

Ndiye pali nkhani ya magetsi, imene ine ndimaiona kuti ndi yaikulu kuposa zonse kwa ife. Madzi akhale pa madigiri 25 kapena 26 usana ndi usiku, hita izigwira ntchito nthawi yozizira, kafani nthawi yotentha, ndipo pampu isaime chifukwa madzi akangoti zii mpweya umatha mmaola ochepa. Ngati mulibe invata kaya batire, olo kapampu ka mpweya koyendera mabatire, musagule nsomba. Ndalama ya nsombayo ipite kumeneko kaye.

Kwa amene muli kumudzi ndingonena zoona, nyanja yamchere tilibe, mchere wake ndi zipangizo zonse nzochita kuitanitsa kunja, kuzima kwa magetsi mukukudziwa nokha. Pamene mbuna, tinsomba tija ta m'Nyanja ya Malawi, zili pakhomo pomwepo, zabuluu, zachikasu, zamizeremizere, zokhala mmiyala ngati zomwe timasirira za m'nyanja yamcherezi, azungu a ku Germany ndi America amazigula pamtengo nkumazinyadira mma sitingirumu mwawo. Amene munasambirapo ku Cape Maclear mukudziwa chimene ndikunena. Thanki ya mbuna siifuna mchere wogula, siifuna magetsi owala a mtengo wapatali, ndipo imakhululuka ukalakwitsa pang'ono.

Koma ngati mtima uli pa zamchere basi, nsomba ziwiri za clownfish zakwana, zija za lalanje za mizere yoyera, ndipo funsani zoswedwa mmathanki osati zogwidwa m'nyanja, zimalimba komanso zimadya chakudya chogula mosavuta. Gulani zazing'ono ziwiri, yaikuluyo idzasanduka yaikazi yokha, ndi mmene zinalengedwera. Ana akamalirira blue tang akanizeni, imakula kupitirira masentimita 20 ndipo imafuna malo osambira a malita mazanamazana. Anemone, chamoyo chooneka ngati duwa chimene clownfish zimabisalamo, nayonso idikire thanki ikhwime, clownfish zimakhala bwinobwino popanda iyo.

Makorali yambani ndi ofewa, ma mushroom, ma zoanthid, green star polyps koma awa aikeni pamwala wawokha chifukwa amayanga paliponse. Acropora, mtundu wa makorali olimba wovuta kusamala, muziingoyang'ana pa YouTube kaye. Mkati mwa makorali mumakhala tindere ting'onoting'ono timene timawapangira chakudya kuchokera ku kuwala, nchifukwa chake babu wamba sagwira ntchito, ndipo madzi akatentha kwambiri makoraliwo amataya tindereto nkuyera mbee. Komanso musamapite ku gombe la Sodwana Bay ku KwaZulu-Natal nkumakazula zanu, malo amenewo ndi otetezedwa, ndipo olo kwina kugwira nsomba zoweta kumafuna chilolezo. Oweta anzanu amagulitsa tizidutswa totsika mtengo tomwe tazolowera kale moyo wa mu thanki.

Ma zoanthid aja, ena mwa iwo ali ndi poizoni woopsa wotchedwa palytoxin. Valani magulovu powagwira, osatikita mmaso, ndipo mwala umene analipo musayerekeze kuuwiritsa pamoto kuti muutsuke, nthunzi yake inagonetsapo mabanja athunthu mchipatala.