Omwa warfarin apatsidwe mwayi woyeza magazi pafupi

Warfarin ndi mankhwala oletsa magazi kuundana m'mitsempha, koma ndi ovuta kusunga mlingo wake. Akachepa m'thupi, magazi amaundana mpaka munthu kugwidwa sitiroko. Akachuluka, magazi amatuluka m'nkhama, m'mphuno, nthawi zina m'kati mwa mutu. N'chifukwa chake omwa mankhwalawa amayezedwa pafupipafupi INR, nambala yosonyeza nthawi imene magazi amatenga kuti aundane. Ambiri nambala yawo imafunika ikhale pakati pa 2 ndi 3, ndipo ena amene anawaika vavu yachitsulo mumtima (kachitseko koletsa magazi kubwerera m'mbuyo) amauzidwa 2.5 mpaka 3.5.

Kuno ku Britain, mu 2014 bungwe la NICE, lomwe limapereka malangizo a zachipatala, linavomereza kuti odwala oterewa azidziyeza okha kunyumba ndi kamakina konga CoaguChek. Ndinaona mayi wina wa kumpingo kwathu akudziyeza. Anasamba m'manja ndi madzi ofunda, kubaya chala, kadontho ka magazi pa kapepala kake, posakhalitsa nambala yatuluka. Kenako anaimbira namwino kuti awauze mlingo wa sabata imeneyo. Ine ndikugwirizana nazo ndi mtima wonse, bola munthu aphunzitsidwe kaye ndipo asasiyane ndi kuchipatala.

Koma mtima wanga uli kumudzi. Kwathu kuli achinyamata amene mavavu a mtima wawo anawonongeka chifukwa cha zilonda zapakhosi zomwe sizinachiritsidwe ali ana. Amene anaikidwa vavu yachitsulo amwa warfarin moyo wawo wonse, poti mankhwala atsopano monga rivaroxaban sawayenera. Ndiye taganizirani zomwe zimagwedeza INR yawo. Mpiru, bonongwe, chisoso ndi nkhwani zili ndi vitamini K, amene amafooketsa warfarin. Sikuti asiye masamba, ayi, koma azidya mofanana, chinthu chovuta pamene dzinja masamba ali mbwee, chilimwe n'kusowa. Rifampicin wa TB amatsitsa INR kwambiri, Bactrim amaikweza. Munthu wotere akufunika kuyezedwa kawirikawiri, osati kudikira mpaka apeze ya basi yopitira ku chipatala chachikulu.

Kugula kamakina ndi timapepala take banja lililonse silingathe, ndikudziwa. Koma kamodzi pa chipatala chaching'ono, ndi namwino wophunzitsidwa amene angaimbire dokotala wa mtima nambala ikasokonekera, zimenezi n'zotheka. Inu amene mumasonkha ndalama zotumizira ana kunja kukachitidwa opaleshoni ya mtima, chonde muziwerengeranso zoyezera INR akabwerera kwawo.